Nyung'unyu Yachitsulo: Kuvomera Lero Kapena Kudikira?

Liwu lakuti "chiuno" ndi limodzi mwa mawu amene amavutitsa madokotala m'dziko lathu lino. Munthu akafika pa chipatala cha boma cha Karonga nanena kuti, "Adokotala, chiuno chandipweteka," mwina akunena msana wakumunsi, mwina akunena impso, mwinanso akunena mwaulemu matenda ena amene sangaŵatchule pamaso pa mwana amene wamuperekeza. Koma alipo ena, ndipo si ochepa, amene vuto lawo lili pamalo pamene fupa la ntchafu limalumikizana ndi fupa la chiuno. Malo ameneŵa makolo athu adaŵatcha nyung'unyu, ena amati nsukunyu. Nkhani yathu ya lero ndi ya anthu ameneŵa, makamaka aja amene dokotala waŵauza kuti nyung'unyu yawo yatha, ndipo chotsala ndicho kuichotsa ndi kuikapo yachitsulo.

Funso limene munthu wotere amabwerera nalo kunyumba nlolemera ndithu. Opaleshoni imeneyi si yamsangamsanga monga ya mayi amene akuvutika pobereka. Nyung'unyu yotha siipha munthu ayi. Imangomulanda tulo, kenaka munda, kenaka ntchito, ndipo imachita zimenezi pang'onopang'ono kotero kuti mwiniwake sadziŵa tsiku limene adayamba kukhala pakhonde. Pachifukwa ichi dokotala amangofotokoza, koma wogamula ndi wodwala mwini pamodzi ndi abale ake. Aphunzitsi anzanga, ndi inu amene mwangotsiriza sukulu, nkhaniyi ikukukhudzani chifukwa ndinu amene mumaperekeza makolo ku chipatala, ndinu mumamasulira zonena za dokotala m'Chinkhonde kapena m'Chitumbuka, ndipo kaŵirikaŵiri ndalama ya ulendo imachokera m'thumba mwanu.

Kumtunda kwa fupa la ntchafu kuli mutu wobulungira ngati ndimu, ndipo mutuwo umakhala m'kachikho ka fupa la chiuno. Zonse ziŵiri nzokutidwa ndi chichereŵechereŵe chosalala, chonga chija timaona kumapeto kwa fupa la nkhuku. Munthu akamayenda, paliponse pamene waponda nyung'unyu imalandira mphamvu yokwana pafupifupi katatu kulemera kwa thupi lake. Tsono taganizani za mayi wa ku Kaporo amene wakhala akusenza matumba a mpunga kuyambira ali namwali. Chichereŵechereŵe chija chikaperepeseka, fupa limayamba kukhulana ndi fupa linzake. Iyi ndiyo nyamakazi ya ukalamba, imene ku maiko a ku Ulaya ndiyo imatengera anthu ambiri ku opaleshoni.

Kuno kwathu nkhani njosiyanako. Pali matenda ena amene madokotala amaŵatcha avascular necrosis, ndiye kuti kufa kwa mutu wa fupa chifukwa chosoŵa magazi. Timitsempha timene timadyetsa mutu uja nting'onoting'ono ndiponso ntochepa, ndipo tikatsekeka fupa limafa m'kati, kenaka limaphwanyika ngati dzira lopondedwa. Zimene zimadziŵika kuti zimadzetsa matendaŵa ndi monga kumwa moŵa mopitirira kwa zaka zambiri, kumwa kwa nthaŵi yaitali mankhwala a mtundu wa prednisolone, matenda a magazi a sickle cell, kachilombo ka HIV, ndi kuthyoka kapena kuguluka kwa nyung'unyu pangozi. Palinso chifuŵa chachikulu, chimene sichikhala m'mapapo mokha koma chimaloŵanso m'mafupa, ndi matenda ena a paubwana amene amasiya nyung'unyu yopotoka.

M'chaka cha 2005 madokotala a mafupa m'Malaŵi muno adatsegula kaundula wolembamo maopaleshoni onse oika mfundo zachitsulo. Mu 2009 adasindikiza zotsatira zoyamba, ndipo mmodzi mwa olembawo anali Pulofesa Nyengo Mkandawire. Panthaŵiyo anali atalemba maopaleshoni a nyung'unyu 73 pa anthu 58, kusonyeza kuti ena adachitidwa mbali zonse ziŵiri. Mwa nyung'unyu zimenezi, 35 zidaonongeka ndi kufa kwa mutu wa fupa, pamene 22 zidaonongeka ndi nyamakazi. Zaka za odwalawo poziphatikiza ndi kuzigaŵa zidali 52, chikhalirecho ku Britain anthu ochitidwa opaleshoniyi amakhala akuyandikira zaka 70. Kusiyana kumeneku nkofunika kukukumbukira, chifukwa munthu wa zaka 50 ali ndi ana pasukulu, ali ndi munda, ndipo chitsulo chimene achiike chiyenera kumusenza zaka zambiri.

Tiyambe tatsimikiza kuti ndi nyung'unyudi

Ululu wa nyung'unyu kaŵirikaŵiri sumveka kumbuyo kumene anthu amaloza akamati chiuno. Umamveka kutsogolo, m'mphechepeche, nutsikira m'ntchafu mpaka pabondo. Alipo anthu amene amatha zaka akutemera mphini pabondo pamene bondolo lilibe mlandu. Zizindikiro zina ndi kulephera kuvala nsapato kapena kuŵenga zikhadabo za kuphazi, kuvutika pokwera njinga, kutsimphina, ndi mwendo kuoneka ngati wafupika. Ululu wochokera kumsana uli ndi njira yakeyake: umadzera kumbuyo kwa ntchafu mpaka kuphazi, ndipo nthaŵi zambiri umabwera ndi dzanzi. Munthu wamkulu angathe kukhala nawo mavuto onse aŵiri pamodzi, ndipo amene waikidwa nyung'unyu yatsopano pamene gwero la ululu ndi msana amadzuka ndi ululu wake womwe uja.

Woyamba kuona zimenezi pa chipatala cha boma sakhala dokotala wamkulu wa mafupa, koma kiliniko ofesala wa mafupa. Ntchito yophunzitsa anthu ameneŵa idayamba mu 1985 ndi dokotala wina wa ku Canada, Ed Blair, ataona kuti madokotala a mafupa m'dziko muno anali oŵerengeka ndi zala. Pofika 2008 dziko lonse linali ndi madokotala a mafupa 9 okha, ndipo makiliniko ofesala ndiwo anali kusenza mbali yaikulu ya ntchitoyi. Tisaŵaderere. Iwo ndiwo amapinda mwendo, kujambula X-ray ndi kulemba kalata yotumizira wodwala ku chipatala chachikulu cha Mzuzu. Chofunika kudziŵa nchakuti kufa kwa mutu wa fupa kukangoyamba kumene sikuoneka pa X-ray. Wachinyamata amene ululu wa m'mphechepeche sukumutha, makamaka ngati ali ndi limodzi mwa mavuto tatchula aja, abwererenso ngakhale chithunzi choyamba chidaoneka bwino.

Opaleshoni yeniyeniyo monga tikuidziŵira lero idakhazikika ndi dokotala wa ku England, John Charnley, pa chipatala cha Wrightington. Iye adayamba ndi kachikho ka pulasitiki wofeŵa wa Teflon, amene adaperepeseka m'zaka zochepa, ndipo odwala ambiri adayenera kubwereranso. Mu 1962 adasintha naika pulasitiki wolimba wa polyethylene, ndipo kuyambira pamenepo zinthu zidayamba kuyenda. Zimene amachita nzosavuta kufotokoza ngakhale kuchita kwake kumafuna luso. Wodwala amabayidwa mankhwala a dzanzi pamsana kapena kugonekedwa tulo. Dokotala amadula mutu woonongeka uja, amapala kachikho ndi kuikamo katsopano, ndipo m'fupa la ntchafu amaloŵetsamo chitsulo chokhala ndi mutu wobulungira. Zina amazimata ndi simenti ya mafupa, zina amazisiya kuti fupa limere ndi kuzigwira lokha. Ntchito yonse imatenga ola limodzi kapena aŵiri, ndipo tsiku lotsatira wodwala amaimiritsidwa ndi ndodo. Mu 2007 magazini ya zachipatala ya Lancet idaitcha opaleshoni yopambana m'zaka zana, chifukwa nzochepa zimene zimachotsa ululu mofanana ndi iyi.

Nanga nthaŵi yake ndi iti?

Chithunzi cha X-ray pachokha sichigamula. Alipo anthu amene chithunzi chawo chimaopsa koma akulima ndi kupalasa njinga mpaka ku Songwe, ndipo alipo amene chithunzi chawo nchooneka bwinoko koma sagona. Mafunso enieni ndi a moyo wa tsiku ndi tsiku. Kodi ululu ukumudzutsa usiku? Kodi amaumva ngakhale atangokhala pansi? Mtunda umene amayenda chaka chatha, kaya ndi wa kumsika, kaya wa kudimba, akuuthabe? Mphunzitsi adzifunse ngati angathe kuima pabolodi mphindi 40 osagwirira tebulo. Nanga mapiritsi akumwa angati patsiku, ndipo akugwirabe ntchito? Munthu amene mayankho ake onse ali oipa kwa miyezi yambiri, atayesa kale njira zina, ndiye amene madokotala amati nthaŵi yake yafika.

Njira zinazo si zachibwana. Ndodo yoyendera imachepetsa kwambiri katundu wa pa nyung'unyu, koma igwiridwe ndi dzanja la mbali imene sikupweteka, ndipo apa ambiri amalakwitsa. Abambo ena amaikana ndodo poopa kuoneka okalamba, nasankha kutsimphina, ngati kuti kutsimphinako kumaŵabisa. Amene ali ndi thupi lalikulu akachepetsako pang'ono amamva kusintha. Mafizo olimbitsa minofu ya m'matako ndi m'ntchafu amathandiza, kupalasa njinga pamalo athyathyathya kumathandizanso, ndipo pankhani ya malo athyathyathya ife a m'mbali mwa nyanja tilibe choŵiringula. Nsapato yokwezedwa pang'ono imathandiza mwendo wofupika. Zimenezi sizibwezera chichereŵechereŵe chimene chidatha, koma zingapatse munthu zaka zingapo.

Pa mapiritsi ndiyenera kuchedwapo pang'ono. Panado womwa motsata muyeso alibe vuto lalikulu. Koma bulufeni, diclofenac ndi indosidi, amene amagulitsidwa m'magolosale ndi m'misika ngati maswiti, akamwedwa tsiku ndi tsiku kwa miyezi amabweretsa zilonda za m'mimba ndipo amaononga impso, makamaka kwa okalamba, a matenda a shuga ndi a kuthamanga kwa magazi. Kuno ku Karonga kumene m'miyezi ya Okutobala ndi Novembala munthu amatuluka thukuta tsiku lonse, impso zimakhala kale pantchito yaikulu. Choopsa china ndi mankhwala osadziŵika, aufa kapena a m'mabotolo, amene amati amathetsa nyamakazi msanga, chifukwa ena mwa iwo amasakanizidwa ndi mankhwala a mtundu wa prednisolone, omwe aja amapha mutu wa fupa. Munthu amene akuti akudikira koma akumeza mapiritsi ameneŵa m'maŵa, masana ndi madzulo, akulipira kudikirako ndi ziŵalo zina za thupi lake.

Chifukwa chachikulu chodikirira nchakuti nyung'unyu yachitsulo nayonso imatha. Pulasitiki amaperepeseka, chitsulo chimakhwefuka m'fupa. Kafukufuku wosindikizidwa mu Lancet mu 2019, wotengera makaundula a ku Australia ndi ku Finland, adapeza kuti mwa nyung'unyu 100 zoikidwa, 89 zimafika zaka 15, 70 zimafika zaka 20, ndipo 58 zimafika zaka 25. Kafukufuku wina wa ku Britain wa mu 2017 adasonyeza kuti mwa anthu oikidwa mfundo yachitsulo atapitirira zaka 70, asanu okha pa 100 ndiwo amadzafuna opaleshoni yachiŵiri, pamene mwa amuna a zaka zongopitirira 50 ndi pafupifupi mmodzi mwa atatu. Opaleshoni yachiŵiri njovuta kuposa yoyamba, imataya magazi ambiri, imafuna zipangizo zapadera, ndipo fupa lotsala limakhala lochepa. Tikumbukirenso kuti ziŵerengero zimenezi nza anthu amene ambiri a iwo sagwira khasu. Ndi zoona kuti pulasitiki wa masiku ano ngolimba kuposa wakale, komabe wa zaka 35 avomere akudziŵa kuti mwina adzabwereranso kufiyeta, ndipo afunse kumene opaleshoni yachiŵiriyo idzachitikire.

Komatu zengerezu adalinda kwaŵukwaŵu. Munthu akachedwa kwambiri minofu imafota, nyung'unyu imauma itapindika, msana umakhota pofuna kulipira, ndipo bondo ndi nyung'unyu ya mbali inayo zimayamba kudandaula. Kachikho kaja kangadyeke mpaka dokotala kusoŵa pogwiritsa chitsulo. Zaka zikamapita shuga ndi matenda a mtima zimabwera, ndipo opaleshoni imene ikadakhala yopepuka pa zaka 60 imasanduka yoopsa pa zaka 75. Amene wafika pongogona amapezabe mpumulo ku ululu akachitidwa opaleshoni, koma kayendedwe kake sikabwerera monga ka mnzake amene adapita akadali ndi mphamvu. M'kuona kwanga, kuno kwathu ofulumira ndi ochepa. Ambiri amafika mochedwa. Wachinyamata amene nyung'unyu zonse ziŵiri zaphwanyika, kumuuza kuti adikire zaka 20 kuti akwane msinkhu ndiko kumuuza kuti ataye zaka zimene akadaphunzira, kukwatira ndi kulera ana.

Pali mtundu umodzi umene suloŵa m'nkhani yodikirayi. Gogo akagwa kubafa kapena pakhonde nalephera kudzuka, mwendo utafupika ndipo phazi litagonera kunja, kaŵirikaŵiri khosi la fupa la ntchafu lathyoka. Ameneyo apite ku chipatala tsiku lomwelo. Kugona pamphasa masabata ambiri kumabweretsa zilonda za pamsana, chibayo ndi kuundana kwa magazi, ndipo zimenezi ndizo zimapha okalamba.

Chimbudzi, mphasa ndi munda wa mpunga

Mabuku ambiri onena za opaleshoniyi adalembedwera anthu okhala pamipando, ogona pabedi lalitali ndi okhala ndi chimbudzi cha m'nyumba. Moyo wathu umachitikira pansi. Timadya titakhala pamphasa, timaphika titaŵerama, timachapa titanyonyomala m'mbali mwa nyanja, ndipo mayi waulemu amagwada popereka moni kapena madzi kwa apongozi. Tsono nyung'unyu yatsopano, makamaka m'masabata 6 mpaka 12 oyamba minofu isanapole, ingaguluke ngati ntchafu yapindidwa kwambiri kuyandikira pamimba, ngati miyendo yapingasitsidwa, kapena ngati mwendo wapotokera m'kati. Madokotala amasiyana pa kuchuluka kwa zoletsa, malinga ndi mbali imene adadzera pong'amba, koma palibe amene angalangize munthu kunyonyomala pachimbudzi chokumba sabata yachiŵiri. Ikaguluka, ululu wake ngwaukulu, ndipo kuibwezera kumafuna chipatala chokhala ndi X-ray ndi wogoneka anthu tulo. Kwa munthu wokhala kutali ndi msewu wa M1 m'nyengo ya mvula, imeneyi si nkhani yaing'ono.

Choncho banja loganiza za opaleshoni liyambe ntchito wodwala asananyamuke. Mmisiri wa matabwa angathe kukhoma mpando wobooka pakati, wautali kufika m'maondo kapena kupitirirako pang'ono, woika pamwamba pa dzenje la chimbudzi, ndi mtengo wogwirira pambali. Pafunika bedi lokwera, mpando wokhala ndi mogwira manja, ndi kampando kakatali kubafa. Apongozi ndi akuluakulu a pamudzi auzidwiretu kuti mayiyu sagwada kwa kanthaŵi ndipo si mwano. Nkhani ya munda ndiyo yoŵaŵa. Kuoka mpunga ku Hara, ku Wovwe kapena ku Lufilya ndi ntchito yoŵerama tsiku lonse m'matope oterera, mwendo ukumira ndi kuzulidwa mopotoza. Mlimi wotere amufunse dokotala mosabisa ngati adzabwererenso ku ntchito imeneyi, ndipo ngati yankho lili lokayikitsa banja likambirane za amene adzailoŵe. Mphunzitsi, kalaliki ndi wogulitsa m'sitolo ali ndi mwaŵi, chifukwa ambiri amabwerera kuntchito pakatha miyezi iŵiri kapena itatu. Msodzi wokwera bwato ndi mnyamata wa kabaza ayenera kuganiza kaŵiri.

Kumene opaleshoniyi imachitikira nkutali. Maopaleshoni ambiri oyambirira adachitikira ku Blantyre, makamaka pa chipatala cha Beit CURE chimene chidatsegulidwa mu 2002, chomwe ntchito yake yaikulu ndi ya ana olumala. Mu 2023 ku Lilongwe, pafupi ndi chipatala cha Kamuzu Central, kudatsegulidwa chipatala cha mafupa ndi ubongo chotchedwa LION, mothandizidwa ndi anthu a ku Norway ndi mabungwe ena. Kuchokera pa boma la Karonga kufika ku Mzuzu ndi makilomita opitirira 200 kudzera pa mapiri a Chiweta; kufika ku Lilongwe ndi pafupifupi 600, ndipo Blantyre amaonjezera ena 300. Zipangizo zonse zimagulidwa kunja ndi ndalama zakunja, ndipo m'zipatala za boma anthu ovulala pangozi za pamsewu ndiwo amayamba kuthandizidwa, monga kuyenera. Motero wa nyung'unyu yotha amadikira. Ichi nchifukwa china choonekera msanga kwa dokotala wa mafupa: kulembetsa dzina si kuchitidwa opaleshoni maŵa, ndipo amene wayamba kufunafuna kalata atalephereratu kuyenda adzadikira ali chigonere.

Poŵerengera ndalama anthu amakumbukira opaleshoni yokha, naiŵala ulendo woyamba wokaonana ndi dokotala, chakudya ndi malo a gadiyani, ulendo wobwerera, ndi maulendo okapimidwanso. Ulendo wobwererawo uli ndi vuto lakelake, chifukwa kukhala wopanikizika m'minibasi tsiku lathunthu, maondo ali m'mwamba, ndicho chinthu chenicheni chimene nyung'unyu yatsopano siifuna, ndiponso kumathandizira magazi kuundana m'miyendo. Amene ali ndi mbale mumzinda achita bwino kutsalako masabata angapo. Ena opeza bwino amapita ku India, ku South Africa kapena ku Dar es Salaam. Iwo afunsiretu dokotala wa kuno amene adzaŵaone akabwerako, ndipo abwere ndi pepala lolembapo dzina ndi saizi ya chilichonse chimene chaikidwa m'thupi mwawo. Asakopeke ndi mawu akuti "chamakono". Mu 2010 kampani ya DePuy idaitanitsanso nyung'unyu zake za mtundu wa ASR, za chitsulo chokhulana ndi chitsulo chinzake, zitapezeka kuti zikulephera msanga mwa anthu ambiri. Pankhani iyi mtundu umene wayesedwa zaka 20 ngodalirika kuposa umene wangotuluka.

Zoopsa za opaleshoniyi zilipo ndipo dokotala woona amazitchula. Magazi angaundane m'mwendo nakafika kumapapo. Mwendo ungatalike kapena kufupika pang'ono. Koma chimene madokotala amaopa koposa ndi mafinya, chifukwa tizilombo tikakhazikika pachitsulo mankhwala satifika bwino, ndipo nthaŵi zina chitsulo chonse chimachotsedwa. M'zipatala zosamala izi zimagwera munthu mmodzi kapena aŵiri pa 100. Wodwala ali ndi mbali yake pochepetsa ngoziyi: shuga atsike, fodya alekeke, dzino lobooka lichotsedwe, chilonda cha pamwendo chipole, magazi akhale okwanira, ndipo pasakhale mphini zatsopano pafupi ndi pamene padzang'ambidwe. Za kachilombo ka HIV pali nkhani yolimbikitsa yochokera kwathu konkuno. Kale ambiri ankaganiza kuti okhala ndi kachilomboka sangaikidwe chitsulo. Mu 2014 madokotala a kaundula uja adasindikiza zotsatira za maopaleshoni 43 pa anthu 29 okhala ndi kachilomboka, ndipo ataŵatsatira zaka zitatu ndi theka sadapeze mafinya mwa aliyense. Kuno ku Karonga ma ARV aulere adayamba kuperekedwa mu 2005, ndipo ambiri amene adayamba kumwa nthaŵi imeneyo afika msinkhu umene nyung'unyu zimavuta. Amene akumwa mankhwala mokhulupirika asadzichotse yekha pamzere.

Kumene mafinya kapena TB zaononga kwambiri, kapena kumene chitsulo sichingapezeke, pali opaleshoni ina yakale yotchedwa dzina la dokotala wa ku Oxford, Girdlestone. Amangochotsa mutu woola uja osaikapo kanthu. Mwendo umafupika, munthu amayenda ndi ndodo moyo wake wonse, koma ululu umachepa ndipo angathe kukhala pansi. Si yosiririka, koma wodwala ayenera kudziŵa kuti ilipo.

Kwathu kuno nkhani yotere siigamulidwa ndi munthu mmodzi, makamaka ikafika pogulitsa ng'ombe. Abambo aakulu, azakhali ndi ana a kutauni onse amafuna kumvedwa, ndipo nkoyenera, pakuti mutu umodzi susenza denga. Koma pamabwalo oterewa pamachuluka nkhani zakumva: wina akuti chitsulo chimachita dzimbiri, wina akuti chimaitana mphezi, wina akuti adamva za munthu amene sadadzuke. Chitsulo chimene amaika ndi cha mtundu wosachita dzimbiri, ndipo mphezi ilibe nacho kanthu. Palinso vuto lina losiyana ndi limeneli, la ana okhala ndi ndalama amene amakakamiza kholo lawo pofuna kuonetsa chikondi, chikhalirecho mwiniwake akugona bwino ndipo akukhutira ndi ndodo yake. Wosayina pepala ndi wodwala, womva ululu ndi iye, ndipo wochita mafizo m'maŵa uliwonse kwa miyezi itatu adzakhalanso iye. Womasulira amuuze zonse zimene dokotala wanena, zokoma ndi zoŵaŵa zomwe, osasankha zimene iye akufuna kuti gogo amve. Mayi wachitsikana asachite manyazi kufunsa za m'banja ndi za uchembere. Amayi ambiri oikidwa nyung'unyu adabereka bwinobwino.

Ngati chipatala chapereka mpata wosankha mwezi, kalendala ya Karonga ili ndi uphungu wake. Kuyambira Disembala mpaka Epulo mvula imakhala ili pakati, mitsinje ya North Rukuru, Lufilya ndi Songwe imasefukira, njira za kumidzi zimaterera, ndipo manja onse a pabanja amakhala kumunda kotero kuti gadiyani amasoŵa. Miyezi ya Juni, Julayi ndi Ogasiti ndiyo yabwino: mpunga wakololedwa, ndalama ilipo pang'ono, pansi mpouma, ndipo kutentha kuja sikunayambe. Kwa mphunzitsi, tchuthi chachitali chotsatira teremu yachitatu chimagwera nthaŵi yomweyo, ndipo akakambirana msanga ndi ahedi ake, makalasi a mayeso sasiyidwa padera. Pobwerera kunyumba wodwala aonetsetse kuti m'buku lake la kuchipatala mwalembedwa tsiku la opaleshoni, mtundu wa chitsulo, mankhwala amene akumwa ndi tsiku lodzapimidwanso, ndipo akadzionetse kwa kiliniko ofesala wa mafupa pa boma kuti adziŵane. Chilonda chikayamba kufiira kapena kutuluka madzi, thupi likatentha, kapena katumba akatupa, apite ku chipatala tsiku lomwelo osadikira tsiku limene adalemberedwa.